Wamva M'mimba Ndiye Amalipira

Mawu akuti "kudula" ali ndi matanthauzo awiri, ndipo kiyi wa galimoto wasamuka kuchoka pa tanthauzo lina kupita pa linzake. Pali kudula kumene amachita bambo aja a pamsika, a kamakina kolira ngati chigayo chaching'ono. Mumawapatsa kiyi wa kunyumba, iwo n'kupana pamakinapo, tizitsulo tikuthetheka, ndipo musanamalize kuyankha uthenga pa WhatsApp makiyi akhala awiri. Kale kiyi wa Corolla kapena wa Hilux ankadulidwa choncho basi. Ndiye pali kudula kwinako, kumene munthu amakumana nako tsiku limene wataya kiyi wa Sienta, wa Note kapena wa Axela, timakiyi takuda tija ta mabatani. Kiyi ameneyu sangodulidwa. Amadula.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti ntchito yonse yakwana madola 300, mtengo umene ku America sungadabwitse munthu pa kiyi wa mabatani. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, dola inafika pa K1,700 kubanki. Ndiye kuti kiyi wathu uja ndi K510,000. Kuyambira February 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K90,000 pamwezi. Miyezi yoposa isanu munthu akulawirira kuntchito, malipiro onse osagulako ngakhale mchere, kuti apeze kanthu kolowa m'thumba la jinzi n'kutsala malo a foni. Apotu tawerengera dola ya kubanki, imene tonse tikudziwa mmene imapezekera.

Chifukwa chimene kiyiyu amadulira chilipo, ndipo ndichifotokoza. Koma chimene chikundivuta ine ndi china. M'ndalama imene munthu amatulutsa tsiku limenelo, ndi gawo liti limene wolandirayo ali nalo ufulu wolandira? Nanga gawo liti limene walandira chabe chifukwa choti mnzakeyo analibe kolowera?

Tiyambe ndi kiyi mwini wake. Mkati mwa mutu wake wapulasitiki muli kachip kakang'ono, kosaposa njere ya nyemba. Kameneka sikadalira batire. Mukalowetsa kiyi, kawaya kozungulira pabowo paja kamatumiza mphamvu pang'ono, kachipko n'kudzuka. Galimoto imakafunsa funso la manambala, iko n'kuyankha. Yankho likakhala lolondola, kompyuta ya galimoto imalola kuti injini ilire. Likakhala lolakwika, mutha kupotokola mpaka dzanja kutupa, palibe chichitike. Chipangizo chimenechi amachitcha immobiliser. N'chifukwa chake kiyi wodulidwa pamsika amatha kutsegula chitseko koma osaliza injini: mano ali bwinobwino, koma m'kamwa mulibe mawu. Makiyi osachoka m'thumba aja, oti mumangodina batani la Start, nkhani yake ndi yomweyi, kungoti kukambiranako kumachitika pa mafunde a wailesi.

Sikuti opanga magalimoto anangodzuka tsiku lina n'kuganiza zotizunza. Kale wakuba ankangofuna kudziwa mawaya awiri oti alumikize, galimoto n'kupita. Kampani ya General Motors inayamba kuika kachipangizo kamagetsi pa makiyi a Corvette ya 1986. Dziko la Germany linalamula kuti magalimoto onse atsopano azikhala ndi immobiliser kuyambira January 1998, Britain mu October chaka chomwecho, Australia mu 2001, Canada mu 2007. Akatswiri awiri a zachuma, Jan van Ours ndi Ben Vollaard, atafufuza anapeza kuti chipangizochi chinachepetsa kubedwa kwa magalimoto ndi pafupifupi 40 peresenti. Kafukufuku wawo anatuluka mu 2016 m'magazini ya Economic Journal.

Ngati mukukayikabe, onani zimene zinachitika ku America, kumene lamulo lotere kulibe. Magalimoto ambiri a Kia ndi Hyundai otsika mtengo, opangidwa pakati pa 2011 ndi 2021, ankagulitsidwa kumeneko opanda immobiliser. Anyamata a mumzinda wa Milwaukee, odzitcha Kia Boys, anatulukira kuti ukachotsa chipulasitiki cha pansi pa chiwongolero, injini imalira ndi mutu wa chingwe cha USB, chomwe chija timatchajira foni. Mavidiyo anafala pa TikTok, ana asukulu n'kuyamba kuba magalimoto ngati masewera. Pofika February 2023, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu kumeneko linali litawerenga ngozi 14 ndi imfa 8 zokhudzana ndi mchitidwewu, ndipo chaka chomwecho makampani awiriwa anavomera kulipira pafupifupi madola 200 miliyoni pa mlandu umene eni magalimoto anawasumira. Kiyi wotchipa uja anadzadula pambuyo pake.

Ndiye gawo loyamba la mtengo uja timalipira chifukwa cha akuba. N'chimodzimodzi ndi mabagalabazi a pawindo, mpanda wa mabotolo oswa pamwamba, ndi mlonda wa usiku. Palibe amene amasangalala nazo, koma tikudziwa chimene tikugula. Gawo limeneli ine sindilimbana nalo.

Gawo lachiwiri ndi la kwathu kuno. Magalimoto ambiri a m'misewu yathu anagulidwa pa intaneti atagwirako kale ntchito ku Japan, anakwera sitima, anatsikira ku Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe. Galimoto yatsopano imachoka kufakitale ndi makiyi awiri. Koma ikamafika kwa inu, itadutsa m'manja mwa mwini wake woyamba, a okushoni, a padoko ndi dalaivala woibweretsa, nthawi zambiri kiyi amakhala mmodzi yekha. Mumamulandira mukumwetulira, mumajambula chithunzi ali m'manja, mumaika pa status n'kuthokoza Mulungu. Za sipeya mumati mudzaona mwezi wamawa, popeza MRA yakusiyani opanda kanthu.

Ndipo musaganize kuti msuweni wanu wa ku Joni angogula wina n'kukutumizirani pa basi. Marimoti a magalimoto opangidwira msika wa Japan amalankhula pa mafunde a cha m'ma 315 MHz, pamene a ku Ulaya ndi South Africa ambiri ali pa 433 MHz. Kunja amafanana ngati mapasa, koma galimoto yanu imva mmodzi yekha.

Palinso ichi, chimene ambiri amachidziwa mochedwa: mitengo ya kiyi ndi iwiri. Ngati muli ndi kiyi mmodzi wogwira ntchito, katswiri amalumikiza makina ake pa kasoketi ka OBD kamene kali pansi pa chiwongolero, galimoto n'kulandira kiyi watsopano poti wakaleyo wamuchitira umboni. Ntchito ya mphindi zochepa. Koma ngati makiyi onse atayika, mboni palibe. Ayambe watsegula chitseko popanda kiyi, awerenge loko kuti adziwe mano, ndipo pa magalimoto ena ayenera kumasula kompyuta, kuchotsa kachip kosunga chinsinsi n'kukalembanso, kapena kugula kompyuta ina. Galimoto imodzimodzi, kiyi mmodzimodzi, koma mtengo wachiwiriwu umaposa woyamba kutalitali.

Mpaka apa tikukamba za zinthu. Tsopano tikambe za anthu awiri amene aima pambali pa galimoto yokiyidwa.

Ndi Loweruka madzulo, muli ku ukwati kutali ndi kwanu. Mwasanthula matumba onse, mwafufuza pansi pa mipando, a MC alengeza kawiri. Dzuwa likulowa. M'galimotomo muli laputopu ya kuntchito ndi mankhwala a mayi anu. Wina wakupatsani nambala ya munthu "wodziwa za makiyi", ndipo ndi yekhayo m'boma lonselo. Wafika. Wayang'ana galimoto, wayang'ana suti yanu, wayang'ana nsapato, wayang'ananso kumene kukulowera dzuwa. Kenako akuti, "Bwana, imeneyi ndi ntchito yaikulu." Mtengo sanatchulebe, koma mukudziwa kale kuti chimene atchule mulipira.

Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu umanena za amene ayenera kudzuka. Koma sunena kuti amene wagona pafupi ndi chitsekocho azilipiritsa molingana ndi mmene m'mimba mwa mnzakeyo mukupotera.

Wansembe wina wa ku Italy, Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, analimbana ndi funso lomweli m'buku lake la Summa Theologiae, ngakhale kuti iye ankaganiza za mahatchi ndi tirigu. Anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timakonda kuziphatikiza. Ngati wogulitsa akuluzapo kanthu pokupatsani chinthucho, ali ndi ufulu wowonjezera mtengo kuti abweze chimene waluza. Koma ngati iye sakuluza kalikonse, kungoti inu mukuchifunitsitsa chifukwa cha vuto limene lakugwerani, sayenera kukweza. Maganizo ake anali akuti phindu lalikulu limene mupeze pa chinthucho silikuchokera kwa wogulitsa, likuchokera ku vuto lanu. Ndipo vutolo ndi lanu. Munthu sagulitsa katundu amene si wake. Anawonjezeranso kuti ngati wothandizidwayo mwa kufuna kwake wapereka kenakake pamwamba pothokoza, palibe cholakwa.

Kuti mfundoyi ioneke bwino, chotsanipo katswiri uja muikepo munthu amene wangotola kiyi wanu pa depoti. Alibe makina, sanaphunzire kalikonse, anangowerama. Waona uthenga wanu pa gulu la WhatsApp, wakuimbirani, ndipo akuti, "Ndili naye, koma mukudziwa mtengo wa kiyi ameneyu. Tigawane pakati." Mwa masamu akukuchitirani chifundo, chifukwa theka ndi laling'ono poyerekeza ndi kupangitsa wina. Koma palibe aliyense wa ife amene angamutche wamalonda. Kwa iye kiyiyo ndi kapulasitiki kopanda ntchito. Mtengo wonse umene akutchula waupanga ndi mantha anu. Mukamupatsa ya thiransipoti ndi ya fanta, ngakhale yochulukirapo, chimenecho ndi chithokozo. Akaika yekha mtengo n'kukana kubweza mpaka mutalipira, wasanduka wogwira munthu ukapolo, kungoti wagwira kiyi.

Katswiri wa makiyi si munthu ameneyo, ndipo tingamulakwire kwambiri titamuika m'gulu limodzi. Taganizirani zimene iye wabwera nazo. Makina ake anagula ndi madola, ndipo ambiri mwa makina amenewa amafuna kulipira chaka ndi chaka kuti azitha magalimoto atsopano. M'chikwama mwake muli makiyi osalemba a mitundumitundu, ndalama zogona, ena mwina adzatha chaka osapeza mwini. Luso lake sanalitole. Ndi miyezi yambiri ya mabando othera pa YouTube usiku, ndi makompyuta a magalimoto amene anawononga akuphunzira. Lero akalakwitsa pang'ono n'kupha kompyuta ya galimoto yanu, mumugwira pakhosi ndi inu nomwe. Wasiya banja lake Loweruka madzulo, wathira mafuta amene mwina anagonera pamzere. Zonsezi ndi zake. Aquinas yemwe uja angamuuze kuti alipiritse, ndipo asachite manyazi. Ifetu tili ndi chizolowezi choipa choyeza ntchito ndi thukuta: munthu akatha ntchito m'mphindi khumi timati watibera, ngati kuti tikanakondwa akanaichedwetsa dala mpaka mawa.

Anzathu a zachuma amawonjezera mfundo ina, ndipo ndi yoona. Mtengo ukakhala wokwera, achinyamata ena amaona kuti muli ndalama, amagula makina, amaphunzira, ndipo pakapita zaka m'boma muja mumakhala akatswiri anayi m'malo mwa mmodzi. Mukakakamiza mtengo kutsika, mwina simupeza ndi mmodzi yemwe wobwera usiku.

Koma mfundo imeneyi ikuteteza mtengo wokwera, osati mtengo wosinthasintha ndi nkhope. Apa ndiye pamene ine ndaima. Funso loyesera ndi limodzi: munthu yemweyu, galimoto yomweyi, mukanamupeza Lachiwiri m'mawa pamalo pake, muli ndi nthawi yofunsa kwa ena awiri, akanatchula zingati? Pamwamba pa mtengo umenewo awonjezere za ulendo, za usiku, za Loweruka, zonse zomveka. Chimene chatsala pamwamba pa zimenezo sichinachokere m'chikwama mwake. Chachokera pa suti yanu, pa dzuwa lija, ndi pa mankhwala a mayi anu amene munalakwitsa kuwatchula.

Maganizo amenewa si a wansembe wakale yekha. Mu 1986 Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler anafunsa anthu a ku Canada pa telefoni za sitolo imene inkagulitsa mafosholo ochotsera chipale chofewa pa madola 15, n'kukweza kufika pa 20 m'mawa wotsatira chipale chitagwa chambiri. Anthu 82 pa 100 alionse anati n'kupanda chilungamo. Koma anthu ofunsidwa m'kafukufuku yemweyo sanaone vuto ndi wamalonda wokweza mtengo chifukwa choti nayenso kumene amaoda akweza. Anthu wamba amenewo anadula mzere pamalo pomwe Aquinas anadula zaka 700 m'mbuyomo.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: ali ndi galimoto, alipire. Kwathu kuno kiyi wa galimoto ukamuika patebulo mu lesitilanti, wanena zambiri osatsegula pakamwa. Ndiye mnyamata wa makina akamenya mtengo wa mabwana, ena amaona ngati chilungamo chikubwezedwa, olemera akugawirako osauka. Mwina zikanakhala choncho zikanakhala kuti otaya makiyi onse ndi a ma Prado. Koma mwini Sienta nthawi zambiri ndi mphunzitsi kapena namwino amene anatenga ngongole, galimotoyo ikuyenda taxi kuti ibweze ngongoleyo ndi kulipira fizi. Suti ija ndi ya ukwati, mwinanso yobwereka. Komanso wozolowera kuyeza mtengo ndi kusowa mtengo wogwira kwa mnzake sayeza olemera okha. Wolemera ali ndi galimoto ina kunyumba, atha kunena kuti "basi, ndibwera Lolemba". Amene sangadikire Lolemba ndi wosauka.

Ndipo tisamuloze chala mnyamatayu ngati ndi mlendo pakati pathu. Mvula ikayamba, wa kabaza amakweza. Mafuta akasowa, a zigubu amatulukira kuseri kwa filling station yomweyo. Tsiku lotsegulira sukulu, minibasi imaiwala mtengo wa dzulo. Ena mwa amenewa ali ndi mbali yawo: wa kabaza akunyowadi, ndipo msewu ukuterera. Ena alibe. Tonse timadziwa kusiyanitsa tikakhala ogula, koma tikakhala ogulitsa masamu ake amativuta mwadzidzidzi.

Pali mbali ina yovuta kuposa mtengo, ndiyo ya chidziwitso. Pa kabaza mumaona mvula ndi maso anu. Pa kiyi simuona kalikonse. Munthu walumikiza kabokosi, padutsa zilembo zachingerezi, akugwedeza mutu. Kodi ndi ntchito ya mphindi zisanu kapena ya maola asanu? Adziwa ndi iye.

Chitsanzo chake n'ichi. Kiyi wa mabatani wasiya kugwira ntchito. Sanatayike, ali m'manja mwanu, koma galimoto sikumumva. Kawirikawiri vuto limakhala kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, monga CR2032, kopezeka ngakhale kwa okonza mawotchi. Mkati mwa kiyi yemweyo mumabisala kakiyi kachitsulo kotsegulira chitseko, ndipo pa magalimoto ambiri a Toyota mukagunditsa kiyiyo pa batani la Start mutaponda buleki, injini imalira ngakhale batire litatha. Katswiri akudziwa zonsezi. Inu mwafika mukunena nokha kuti "kiyi wafa, ndikufuna wina". Sanakunamizeni. Akangokhala chete n'kukupangirani watsopano, walakwa?

Cicero wa ku Roma analemba za nkhani yofanana nayo mu 44 BC, m'buku la De Officiis. Pachilumba cha Rhodes kuli njala. Wamalonda wafika ndi sitima ya tirigu kuchokera ku Alexandria, ndipo akudziwa kuti m'mbuyo mwake mukubwera sitima zina zambiri, moti mawa lomwe mtengo ugwa. Awauze anthuwo, kapena agulitse mwakachetechete pa mtengo wa njala? Cicero anaika anzeru awiri kuti atsutsane. Diogenes wa ku Babulo ankati kukhala chete si kunama, bola usabise chilema cha katundu wako. Antipater, wophunzira wake, ankati munthu sungabisire munthu mnzako chinthu chimene moyo wake ukudalira. Cicero anaima ndi Antipater. Chodabwitsa n'chakuti Aquinas, pa nkhani yomweyi ya tirigu, anafewa: anati wamalondayo sakakamizidwa ndi chilungamo kuulula, ngakhale kuti akaulula waonetsa mtima wabwino koposa.

Pa tirigu atha kutsutsana mpaka kuche. Pa batire ine ndikuona kuti nkhani ndi yosavuta, chifukwa kwa katswiri simupitako kukagula katundu yekha. Mumapitako kukagula maso ake. Mukanakhala ndi maso amenewo simukanamufuna. Munthu amene mwamulipira kuti akuonereni, akaona n'kukhala chete chifukwa chetecho chikumupindulira, wakugulitsani khungu lanu lomwe. Ndi mlandu umodzi ndi wa makaniko wosintha giyabokosi pamene vuto linali fyuzi.

Komabe tikamalimbana ndi mnyamata wa kabokosi, tisaiwale kuti chinsinsicho sanachipange ndi iye. Nayenso akuchita kuchigula, mwinanso kuchiba, kwa eni ake. Galimoto munalipira yonse, msonkho munapereka, blue book ili m'dzina lanu, koma manambala amene amaiuza kuti ilire simunapatsidwe. Ali ndi kampani imene inaipanga. Kodi chinthu n'chanu ndithu ngati chilolezo chochigwiritsa ntchito chimasungidwa ndi wina?

Makampani amayankha kuti chinsinsicho chikuteteza inu nomwe, ndipo pang'ono akunena zoona: njira iliyonse yofewetsera mwini galimoto kupanga kiyi imafewetseranso wakuba. Koma taonani zimene zinachitika mu 2013. Akatswiri atatu, Roel Verdult ndi Baris Ege a ku Radboud University ku Netherlands, ndi Flavio Garcia wa ku University of Birmingham, anapeza kuti chip yotchedwa Megamos Crypto, imene inali m'makiyi a magalimoto mamiliyoni, inali ndi chibowo choti munthu wodziwa atha kuliza galimoto popanda kiyi wake. Kampani ya Volkswagen inapita ku High Court ku London n'kutenga chiletso kuti asasindikize. Kafukufukuyo anadzatuluka mu 2015, atachotsamo chiganizo chimodzi chokha. Kwa zaka ziwiri eni magalimoto ankalipira mtengo wa loko wolimba osadziwa kuti lokoyo ndi wobooka. Chinsinsi chimene chinasungidwa pamenepo chinali choteteza ndani?

Kwina anthu anakana. M'chigawo cha Massachusetts ku America, anthu anavota mu 2012 kuti opanga magalimoto azipereka kwa eni magalimoto ndi magalaja wamba chidziwitso chomwe amapereka kwa madila awo. Mu 2020 anavotanso, pafupifupi 75 pa 100 alionse, kuti lamulolo likhudzenso uthenga umene magalimoto amakono amatumiza pa intaneti. Makampani anathamangira kukhoti. Ife kuno sitili n'komwe pa mkangano umenewo. Galimoto yathu inapangidwira munthu wa ku Nagoya amene ali ndi dila pakona, ndipo wailesi yake ikulankhulabe Chijapanizi. Mnyamata wa kabokosi uja ndiye dila wathu, ndiye kampani yathu, ndiyenso CFTC yathu, poti Loweruka madzulo palibe amene amakadandaula ku ofesi.

Mphamvu yonseyo ili m'chikwama chimodzi, ndipo imagwira mbali ziwiri. Makina otha kukupangirani kiyi makiyi onse atatayika athanso kupangira wina kiyi wa galimoto yanu inu muli mtulo. Ndiye katswiri akayamba wakufunsani blue book ndi chitupa musanakambe za mtengo, musakwiye kuti akukuyesani wakuba. Amene safunsa, wongoti "bola ndalama, bwana", ndi wofewa lero, koma sadzafunsanso tsiku limene wina adzamuitanire pa galimoto yanu. Ngati wofunsayo ndi wokwererapo mtengo, kusiyanako ndi kwake ndithu, chifukwa pali ndalama zina zimene amazikana.

Pali munthu wachitatu amene sitinamutchule, ndipo kawirikawiri ndi amene amasenza zonsezi. Galimoto zambiri za taxi siziyendetsedwa ndi eni ake. Dalaivala amatenga m'mawa, amathamangitsa target tsiku lonse, madzulo n'kukapereka. Kiyi amakhala m'thumba mwake maola khumi ndi awiri, akutsika, akukweza katundu, akukankhana ndi oitanira. Tsiku lina kiyi wagwa. Bwana akuti, "Wataya ndiwe, ulipira ndiwe. Tizidula kumalipiro."

Pongomva zikumveka. Koma kumbukirani mitengo iwiri ija. Pamene kiyi analipo, bwana anali ndi mwayi wopangitsa sipeya pa mtengo wotsika, ndipo anasankha kusatero. Dalaivala sanafunsidwe. Mwinanso sanauzidwe n'komwe kuti kanthu kamene akukaponya m'thumba limodzi ndi makobili kakuposa malipiro ake a miyezi ingapo. Akanadziwa, bwenzi atakamangirira m'khosi. Kutaya kiyi ndi kwa dalaivala, inde. Koma kuti kutayako kusanduke "makiyi onse atayika", galimoto n'kugona panja masiku atatu osagwira ntchito, chimenecho chinapangidwa ndi bwana miyezi yambiri m'mbuyomo, tsiku lija anati sipeya tidzaona mwezi wamawa. Ngati pali choti dalaivala alipire, ndi mtengo woyamba uja, wowonjezera kiyi pamene wina alipo. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndi kwa mwini galimoto.

Bwana yemweyo, amene dzulo amadandaula kuti wa makiyi wamudyera poona kuti alibe kolowera, lero waima pakhonde ndi kope la malipiro m'manja. Kutsogolo kwake kuli mnyamata wa ana awiri, wa lendi yotha pa 30, amene akudziwa kuti pa siteji pali madalaivala ena khumi opanda galimoto. Bwana akutchula ndalama yoti azidula mwezi uliwonse. Mnyamatayo akuyang'ana pansi, akuti, "Chabwino, bwana."